Kishwar wathera pa nambala 3: tikambirane za fainolo ya MasterChef Australia

Nachisale, Perth
Abale, amene simunaonere fainolo ya mpikisano wophika wa pa TV uwu ndipo mukufuna kudzionera nokha, uthenga uwu musawerenge. Zatha usiku uno, Lachiwiri pa 13 Julayi 2021. Wapambana ndi Justin Narayan ndi mapointi 125, Pete Campbell wapeza 124, Kishwar Chowdhury 114. Justin watenga madola 250,000 a kuno, Pete 30,000, Kishwar 20,000.

Justin ndi mwana wa kuno ku Perth ndipo ndilibe naye chifukwa. Koma mtima ukundiwawa chifukwa cha Kishwar. Dzulo lomweli mayi ameneyu anaika patebulo mpunga wa m'madzi, mbatatesi yophwanya ndi nsomba za sardine, majaji onse atatu n'kumupatsa 10 pa 10 aliyense. Chakudya chimene kwawo ku Bangladesh amadya alimi m'mamawa! Ine misozi inangotsika, ana n'kumandifunsa kuti amayi chavuta n'chiyani. Lero wathera kumbuyo. Tandiuzani, zikumveka zimenezi?

Chikondi, Zomba
Aaa anti, mwandiululira! Ndimadikira bandulo ya usiku kuti ndionere tizidutswa pa YouTube. Basi poti ndamva kale, pitirizani, ndikuwerenga.

Phiri, Melbourne
Achemwali, tiwerengere limodzi musanakwiye. Pogona dzulo, pa mapointi 60, Pete anali ndi 53, Kishwar 51, Justin 50. Lero panali mapointi 80, chifukwa mbale zinali ziwiri ndipo opereka mapointi anali anayi: Jock Zonfrillo, Melissa Leong, Andy Allen, ndi mwini wake wa mbalezo, Peter Gilmore wa lesitilanti ya Quay ku Sydney. Pa 80 amenewo Justin watola 75, Pete 71, Kishwar 63. Palibe amene waberedwa apa. Justin analowa lero ali kumbuyo kwa onse, ndipo waphika bwino kuposa anzake pa tsiku limene linali ndi mapointi ambiri.

Nachisale, Perth
Achimwene, dandaulo langa lagona pomwepo. Sindikunena kuti majaji aba. Ndikunena kuti pa mapointi 140, okwana 80 amaperekedwa chifukwa chotsanzira chakudya cha munthu wina, mzere ndi mzere, kuchokera papepala. Chakudya chimene munthu waganiza yekha, chochokera kwa amayi ake ndi agogo ake, chimangopeza 30 ngakhale chikome chotani. Miyezi yonseyi kuyambira Epulo majaji akhala akuwauza ophikawa kuti tionetseni kuti ndinu ndani kudzera m'mbale yanu. Tsiku lomaliza akuti iwalani zimenezo, khalani Peter Gilmore. Kwa ine pamenepo mpikisano ukudzitsutsa wokha.

Wophika wa ku Mangochi
Mayi Nachisale, ndiloleni ndiyankhe monga munthu amene amadyera pa moto. Ine ndimaphika pa loji ina kunyanja kuno, ndipo ndikukuuzani kuti chimene mukuchitcha kutsanzira ndiyo ntchito yeniyeni ya wophika. Loweruka kukakhala ukwati, chambo choyamba kutuluka m'khitchini ndi chomaliza ziyenera kufanana mchere, kufanana kupsa, kufanana maonekedwe. Mlendo wa patebulo lakumapeto sasamala za nkhani ya agogo anu, iye akufuna chimene wadya mnzake wa patebulo loyamba. Mnyamata akabwera kudzayesedwa ntchito kwathu sitimufunsa kuti uphike zimene umakonda. Timamupatsa kaphikidwe ka nyumba ino, timamuuza nthawi, n'kuima pambali kumuona manja.

Ndipo mbale ya Gilmore ija si yamasewera. Squid, kanyama kofewa ka m'nyanja yamchere, yodula mopyapyala chotero ikangokhalitsa pamoto pang'ono yalimba, simungaitafune. Kasitadi wa bowa wa m'mbale yomweyo nthunzi ikachuluka amatuluka timabowo, ikachepa sagwirana. Uku ukuyang'anira zimenezo, uku chotsekemera cha magawo ambirimbiri chikudikira, wotchi ikuyenda, abale ako akukuonera pamwamba. Amene wadutsa pamenepo mutu uli m'malo ndi wophika ndithu. Justin ndimupatse ulemu wake.

Nabanda, Johannesburg
Bambo a ku Mangochi, zoona zimene mwanenazo, koma mpikisano uwu si wofunsira ntchito pa loji. Ndi wa anthu ophika kunyumba. Kishwar sananene kuti akufuna kukagwira ntchito kwa Gilmore. Kuyambira tsiku loyamba ananena kuti akufuna kulemba buku la zakudya za Chibengali kuti ana ake asadzaiwale.

Chikondi, Zomba
Pepani akuluakulu, ndithandizeni kaye. Mpunga wa m'madziwo ndi chiyani kwenikweni? Ndi phala?

Mayi a Yankho, Leicester
Ayi mwanawe, si phala. Kwawo amati panta bhat. Ine ndinachidziwira kwa mnzanga wa ku Bangladesh amene timagwira naye ntchito kuno, ndipo dzulo wanditumizira mauthenga usiku wonse chifukwa cha chimwemwe.

Amachita chonchi. Mpunga wotsala madzulo sautaya. Amauika mu mphika, n'kuthira madzi ozizira mpaka umire, n'kuvundikira. Kwawo n'kotentha ndipo kumidzi kunalibe mafiriji, choncho madzi aja ndiwo amausunga kuti usavunde. Pofika m'mawa umakhala utasasa pang'ono, wofewa, madzi ake atayera. Amathira mchere, anyezi wamuwisi, tsabola, n'kudya ndi manja, madzi aja n'kumwera. Mlimi akadya zimenezo amapirira dzuwa mpaka masana. Mbatatesi ija amati aloo bhorta: amaiwiritsa, n'kuiphwanya ndi manja pamodzi ndi anyezi, tsabola wokazinga ndi mafuta a mpiru, amene fungo lake limalasa m'mphuno.

Chakudyachi si cha ku Bangladesh kokha. Ku India amadyanso ku West Bengal, ku Assam ndi ku Odisha, kumene amachikumbukira chaka chilichonse pa 20 Malichi. Ku Dhaka, likulu la Bangladesh, anthu a ndalama amachidya kamodzi pa chaka, pa 14 Epulo, tsiku la chaka chatsopano cha Chibengali, ndi nsomba yodula ya hilsa. Masiku ena onse amachiona ngati cha antchito. Ndiye taganizani, mayi wa ana awiri waima pa fainolo, dziko lonse likuonera, n'kusankha chimenecho. Iye mwini ananena kuti chakudya chotere simungachipeze mu lesitilanti, ndipo anali ndi mantha pochipereka.

Nabanda, Johannesburg
Mayi a Yankho, mukamafotokoza ine ndikungoona mkute. Agogo anga ku Ntcheu ankasunga mitanda iwiri ya nsima m'mbale yovundikira, pamwamba n'kuikapo mwala chifukwa cha makoswe. M'mawa, m'nyengo ya chisanu ngati ino, ankaidula mapisi n'kuika pa makala otsala, mpaka kunja kuchite kakhungu kofiirira, m'kati muli mofewa. Tinkadya ndi msuzi wa nyemba za dzulo titazungulira moto, kenako ulendo wa kusukulu. Koma tikafika kusukulu, mnzathu akafunsa kuti wadya chiyani, tinkati tiyi ndi buledi. Tinkanama tili ana aang'ono, popanda wotiphunzitsa. Manyazi amenewo ndiwo anandigwira pakhosi dzulo nditaona Melissa Leong akudya mpunga uja mwaulemu chonchija, n'kumalankhula za mbiri imene ili m'mbalemo. Ndili ndi ana amene anabadwira kuno ku Joni ndipo sindinawaphikirepo mkute ngakhale tsiku limodzi.

Bambo a Tadala, Lilongwe
Ine ndibwere mosiyana pang'ono, musandida. Ndikuopa kuti tikukometsa umphawi chifukwa tauona pa TV uli m'mbale yokongola. Amene tinaona njala ya 2002 tikudziwa kuti mkute sunali mwambo wosangalatsa, unali mwayi wa nyumba imene munatsala kanthu. Kwawo kwa Kishwar nakonso mbiri yake ndi yowawa. Mu 1943 ku Bengal kunagwa njala imene inapha anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni, dzikolo lili m'manja mwa Angerezi, ndipo anthu ankayenda m'misewu ya Calcutta kupempha madzi otsanulidwa mu mpunga, osati mpungawo. Mu 1974 njala inabweranso ku Bangladesh. Tsono munthu wa ku Melbourne, mwini bizinesi yosindikiza mabuku ndi mapepala, akaphika zimenezi n'kuomberedwa m'manja, mlimi amene amadya tsiku ndi tsiku wapindulapo chiyani? Funso langa ndi limenelo.

Mayi a Yankho, Leicester
Bambo a Tadala, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Mlimi sanapindule khobidi, zimenezo n'zoona. Koma mnzanga uja anandiuza kuti mwana wake wamkazi, amene amakana kutenga chakudya cha kwawo kusukulu chifukwa anzake amaseka fungo, lero m'mawa wafunsa yekha kuti amayi, chija chinali pa TV mumachidziwa kuphika? Kwa mayi amene akulera ana kudziko la eni, chimenecho si chaching'ono. Ndipo Kishwar sanabise kuti ndi chakudya cha anthu wamba. Akanafuna kukometsa akanasankha biriyani ya paukwati.

Phiri, Melbourne
Ndionjezere apa. Pa Facebook ena a ku Bangladesh komweko akudandaula kuti chimene anaphika si panta yeniyeni chifukwa sichinagone usiku. Nanga akanatani, poti wotchi ya mpikisano siyidikira mawa? Iye anafukiza madzi a mpunga aja ndi utsi, ndipo ine ndikuona kuti nzeru yake inali pamenepo. Kusasa kunalibe nthawi, ndiye anabweretsa fungo la khitchini ya nkhuni. Munthu amene anakulira pa mafuwa akangonunkhiza amadziwa kumene mbaleyo yachokera.

Gogo Nangozo, Blantyre
Ana inu, ine mpikisanowu ndimaonera ndi adzukulu akandiikira pa foni. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mayi wachilendoyu watikumbutsa zathu zomwe. Ine ndinaphunzitsa zophikaphika kusukulu zaka zambiri, ndipo m'mabuku athu munali masikono, makeke ndi supu wa Azungu. Chigumu, futali, nkhwani wotendera, thobwa, zimenezo ankati mwana akaphunzira kwa amake. Lero amake ali kuntchito, agogo ali kumudzi, ndipo mtsikana wa zaka 20 sadziwa kucheza chidulo. Chimene akufuna kuchita Kishwar, cholemba buku, ndicho chimene ife sitinachite mokwanira.

Chikondi, Zomba
Agogo, ine chidulo ndimangomva dzina. Therere timathira soda wa m'sitolo.

Gogo Nangozo, Blantyre
Udzabwere ku Chilomoni mdzukulu wanga. Timaotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusa lake timaika mu chitini chobooka pansi, n'kuthira madzi pang'onopang'ono kuti azidontha. Madzi amenewo ndiwo amafewetsa therere, ndipo kakomedwe kake soda sangakafike.

Mwale, Cape Town
Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine chimene chikundinyansa ndi anthu amene akutukwana Justin pa intaneti, ena mpaka kunena kuti Kishwar waluza chifukwa cha khungu kapena chipembedzo. Anthu amenewa sakumudziwa Justin. Makolo ake ndi Amwenye a ku Fiji, mtundu umene Angerezi anautenga ku India pakati pa 1879 ndi 1916 kukalima nzimbe pa makontirakiti owawa. Nayenso ndi mwana wa anthu obwera. Asanalowe mu mpikisano anali m'busa wa achinyamata, ndipo aliyense amene waonera chaka chino waona mmene ankakhalira ndi anzake, makamaka Pete amene ndi bwenzi lake la ponda apa m'pondepo. Komanso mpikisano uwu unapambanidwapo ndi Adam Liaw mu 2010, Diana Chan mu 2017 ndi Sashi Cheliah mu 2018, onse a magazi a ku Asia. Tsankho ku Australia liliko, amene muli kumeneko mukudziwa kuposa ine, koma pa nkhani iyi tisalinamizire.

Nachisale, Perth
Achimwene a Mwale, pamenepo tili limodzi. Otukwanawo akuipitsa dzina la Kishwar yemwe, amene anamukumbatira Justin ndi mtima wonse. Ine mkangano wanga ndi wa kagawidwe ka mapointi basi.

Mwale, Cape Town
Ndiye tinene za Pete, poti aliyense wamuiwala. Munthu wojambula matatuu, amene anayamba kuphika mochedwa, watsogola usiku woyamba n'kuluza ndi pointi imodzi yokha. Imodzi! Jaji mmodzi akanangolemba 9 m'malo mwa 8 bwenzi atafanana. Zinachitikanso mu 2017, Diana Chan 90, Ben Ungermann 89. Ngati pali munthu amene sagona tulo lero ndi Pete, chifukwa Kishwar anasiyana ndi wopambana ndi mapointi 11 ndipo akudziwa pamene zinamuvuta.

Wophika wa ku Mangochi
Ndabwerera, tinali ndi alendo a chakudya chamadzulo. Ndikuimabe pa mawu anga oti kuphika motsatira pepala ndi luso lalikulu. Koma nkhani ya mayi Nabanda yandikumbutsa chinthu chimene chimandipweteka pantchito pano.

Chaka chatha alendo akunja atasowa chifukwa cha Covid, ndinapita kwa abwana ndi ganizo. Ndinati poti amene akubwera ndi a kwathu konkuno, tiike pa menyu usipa wofutsa wothira nsinjiro, nsima ya mgaiwa ndi chisoso. Ndinaphika mbale imodzi yoti alawe. Usipa ndinasankha wa m'mawa womwewo pa doko, ndinauchotsa mitu umodziumodzi, tomato ndinawotcha pa makala kuti khungu lisupuke, nsinjiro ndinasinja ndekha mu mtondo. Abwana anadya mpaka kupukuta mbale ndi chala. Atatha anati, zakoma, koma munthu sangalipire ndalama ya hotela kudya zimene amadya wantchito wake. Menyu inatsala ndi chikeni ndi tchipisi, ndi pasita amene timaitanitsa ku Blantyre.

Tsono Jock Zonfrillo amene wapatsa Kishwar 10 uja ndi munthu wa ku Scotland amene anatchuka ndi lesitilanti ya Orana ku Adelaide, yophika zomera ndi zipatso zimene eni nthaka a ku Australia akhala akudya kuyambira kale. Mu 2018 analandira nazo mphoto yaikulu ya Basque Culinary World Prize. Kwina anthu akulemekezeka ndi zakudya za kumudzi, kuno tikuzibisa kuseri kwa khitchini, kumene timadya ife ophika tikaweruka.

Bambo a Tadala, Lilongwe
Apa mwandifika pamtima achimwene, ndipo mwayankha funso langa kuposa mmene ndimayembekezera. Usipa umenewo ukanalowa pa menyu, msodzi wa pa doko ndi mayi wogulitsa mtedza akanaona ndalama. Phindu la mlimi lili pamenepo, osati pa kuwomba m'manja. Komabe ndikufunsa: chifukwa chiyani tikudikira kuti jaji wa ku Australia avomereze kaye ndiye ife tikhulupirire?

Nabanda, Johannesburg
Chifukwa abwana ngati a ku Mangochiwo amamva za kunja kokha, bambo. Mukawaonetsa kanema wa dzulo mwina aganizanso.

Nachisale, Perth
Ndibwerere kwa bambo a ku Mangochi pa za mapointi, chifukwa sindinakhutire. Ndikuvomera kuti kutsatira pepala ndi luso. Koma luso limenelo analiyesa kale kambirimbiri m'kati mwa mpikisano, ndipo Lamlungu pa semifainolo anawapatsa kuphikira chipinda chodzaza ndi anthu mbale zitatuzitatu, tsiku limene Elise Pulbrook anatuluka. Kumeneko ndiye kuyesa khitchini yeniyeni, ndipo Kishwar anadutsa ndi menyu yakeyake, mpaka ayisikilimu wa masamba aja amatafuna kwawo akatha kudya. Bwanji fainolo osaigawa pakati ndi pakati, 70 za pepala, 70 za mwini? Gilmore amuitane ndithu, paja ndi mwambo kuyambira chotsekemera chake chotchedwa dzira la chipale chija cha pa fainolo ya 2010. Koma asakhale ndi mawu omaliza pa munthu amene wabwera kudzaonetsa zakwawo.

Phiri, Melbourne
Achemwali, ngakhale mutagawa choncho Kishwar sakanapambana. Usiku woyamba anamuposa Justin ndi pointi imodzi yokha, chifukwa mbale yake yoyamba inangopeza 21. Amene akanapindula ndi Pete.

Nachisale, Perth
Ndiye apambane Pete, palibe vuto. Sindikumenyera munthu, ndikumenyera kuti chakudya cha mwini chilemere mofanana ndi cha pepala.

Mayi a Yankho, Leicester
Musamudere nkhawa kwambiri Kishwar. Mu 2009 anapambana ndi Julie Goodwin, wachiwiri anali Poh Ling Yeow, ndipo Poh anapatsidwa pulogalamu yakeyake pa TV n'kulemba mabuku. Ine buku la Kishwar likadzatuluka ndidzagula awiri, lina la mnzanga uja.

Mwakasungula, Karonga
Ine za mapointi ndasiyira inu. Kuno mpunga wa Kilombero uli m'nyumba, takolola kumene, ndipo usiku uno ndikufuna ndiyese. Mayi a Yankho, madzi ake akhale ochuluka bwanji, ndipo mchere ndithire madzulo kapena m'mawa? Mafuta a mpiru kuno kulibe.

Mayi a Yankho, Leicester
Ndamufunsa mnzanga. Akuti mpunga uyambe wazizira, madzi apitirire pamwamba pake ndi zala ziwiri, muvundikire, muike pamalo pozizira bwino. Mchere ndi m'mawa, pakudya. Mukasowa mafuta a mpiru thirani amene muli nawo, koma anyezi wamuwisi, ndimu ndi tsabola zisasowe. Kambuzi achita bwino.

Nachisale, Perth
Ndilankhule monga namwino pang'ono. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira, kapena othira mankhwala, chifukwa simudzawaphikanso. Mphika ukhale wotsuka bwino, ndipo mudye m'mawa womwewo, osasunga mpaka madzulo. Ukamveka fungo loipa osati kusasa chabe, kapena ukamatanuka, tayani. Ana aang'ono kwambiri musawapatse ulendo woyamba.

Mwakasungula, Karonga
Ndamva, mayi. Nsomba ndiika usipa wokazinga, sardine ndiipeza kuti kuno. Ndijambula m'mawa ndiponye pano.

Wophika wa ku Mangochi
Achimwene a ku Karonga, usipawo muukazinge mpaka ugome, muuike pambali osati m'madzimo, kuti pakhale chokukuta pafupi ndi mpunga wofewa. Ndipo mundiuze ngati fungo la Kilombero likhalapobe akagona m'madzi, chifukwa Lachisanu tili ndi msonkhano wa menyu ndipo ndikufuna kukalowa ndi mbale ziwiri, ya usipa ija ndi imeneyi.